Lembani kaye musananene kuti mumasamala chilengedwe

Inu ojambula mapulani a nyumba ndi misewu, mukalandira kantchito kuchokera ku kampani yaikulu yakunja, masiku ano kamabwera ndi fomu yofunsa kuchuluka kwa mpweya woipa umene ntchito yanu imatulutsa. Ambiri timadzaza fomuyi usiku womaliza, mongoganizira. Tileke zimenezo.

Tione kaye mmene akuluakuluwo amachitira. Kampani ya Arup, imene Ove Arup adayambitsa ku London mu 1946, yomwenso idagwira nawo ntchito yomanga Sydney Opera House, idalengeza mu 2021 kuti iziwerengera mpweya wa kaboni wa nyumba zimene ikujambula, kuyambira popanga zipangizo, pomanga, pokhalamo mpaka tsiku logumula. Makampani otere amatsata ndondomeko ya Greenhouse Gas Protocol, imene imagawa utsiwu patatu: wochokera m'mafuta amene mwawotcha nokha, wa magetsi amene mwagula, ndi wa ena onse amene mumachita nawo malonda. Gawo lachitatuli ndi limene likukukhudzani. Utsi wanu umakalowa mu lipoti lawo la pachaka, n'chifukwa chake amakufunsani.

Yambani ndi kope wamba. Dalaivala azilemba makilomita ulendo uliwonse wa kusaiti, ndipo lisiti ya pa filing'i isamathere m'thumba la malaya kukachapidwa nayo. Wothira mafuta mu jenereta alembe malita ndi tsiku. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni, choncho mukadziwa malita, masamu ake n'ngapafupi. Mayunitsi a ESCOM ndi mabilu a madzi musunge mufayilo imodzi. Magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero si iwo amene amalemetsa lipoti lanu. Cholemetsa ndi jenereta. Amene adasunga kaundula mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, akudziwa mmene malita adakwerera chaka chimenecho.

Koma ndinene mosabisa: mababu a muofesi ndi nkhani yaing'ono. Nkhani yaikulu ili pa pepala limene mukujambulalo. Mzere umodzi wa pensulo ungawonjezere matumba mazana a simenti, ndipo kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni padziko lonse. Musanalembe chipilala chonenepa "kuti tisadzadandaule", werengeraninso. Nyumba muyilozetse bwino kuti dzuwa la masana lisamalowe pazenera, denga litulukire kunja ndithu, mazenera ayang'anizane kuti mphepo izidutsa. Mwininyumba sadzafunanso makina oziziritsa chipinda chilichonse.

Za njerwa zootcha musachite kukambirana. Kuyambira 2018 malamulo a dziko lino amaletsa njerwa zootchera nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo bungwe loona za zomangamanga m'dziko muno ndilo limayang'anira. Lembani mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zosakaniza simenti pang'ono zotsindira pa makina. Kenako pitani kusaiti mukaone ndi maso, chifukwa kontrakitala wina amavomera pamsonkhano, koma kuseri kwa mpanda uvuni ukufuka. Mufunseninso kumene akutenga mchenga. Ngati ndi m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo, mlanduwo udzafika pa dzina lanu.

Polemba lipoti, sankhani chaka chimodzi chikhale poyambira, zaka zinazo muzifanizira ndi chimenecho. Nambala imene mwayeza muinene kuti mwayeza, imene mwangoyerekeza muinenenso choncho. Chaka chimene utsi wakwera musachibise. Fotokozani chifukwa chake. Zithunzi za antchito akubzala mitengo mu Januwale n'zokongola, koma wowerenga wochenjera amafuna kudziwa kuti yapulumuka ingati pofika Okotobala. Tumizani munthu akaiwerenge musanalembe nambala.