Momwe mungawedzere makumba ndi mlamba, nsomba osakupulumukani pa mfundo

Kuwedza ndi mbedza sikulira ndalama zambiri. Mukhale ndi ndodo ya nsungwi youma yotalika mamita atatu kapena anayi, twaini wa nayiloni, mbedza zingapo, kanati kakale ka njinga kolemetsera chingwe, ndi kachidutswa ka patapata koyandamitsira. Zimenezi zikukwanirani kugwira makumba, chilunguni ndi mlamba m'madamu, mu Shire, Bua ndi Linthipe, ngakhalenso m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi Malombe.

Twaini wa makumba akhale wopyapyala, wa 0.20 kapena 0.25 mm, chifukwa nsombazi zimaona ndipo zimachita mantha. Wa mlamba ayambire 0.35 mm kupita m'mwamba. Pogula samalani. Ogulitsa ena amakoleka twaini padzuwa miyezi ndi miyezi, ndipo dzuwa limafooketsa nayiloni ngakhale ikuoneka yatsopano. Dulani kachidutswa, mangani mfundo imodzi pakati, kenako kokani mwamphamvu. Akaduka msanga pa mfundopo, musiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Za mbedza, nambala ikamakula mbedza imachepa: 8 kapena 10 ndi ya makumba, pomwe mlamba umafuna yaikulu ngati 1/0 kapena 2/0 (pa nambala zokhala ndi /0, nambala ikamakula mbedzanso imakula). Zotchipa za m'timapaketi topanda dzina zimawongoka nsomba yaikulu ikangokoka. Kandani chikhadabo ndi nsonga yake. Ikamangotsetsereka osakanda, ndi yobuntha.

Tsopano pa mfundo, pamene ambiri amatayira nsomba. Munthu amakoka, chingwe chimabwera chopepuka, kunsonga kuli kopotanapotana ngati kamchira ka nkhumba. Ukaona choncho dziwa kuti twaini sanaduke ayi, mfundo ndiyo yamasuka. Nayiloni ndi woterera, mfundo wamba yomangira thumba la chimanga sigwira.

Mangani motere. Lowetsani nsonga ya twaini pa kabowo ka mbedza, itulukire mbali ina masentimita 10. Nsongayo muizungulize pa twaini wamkulu kasanu ndi kamodzi, kukwera m'mwamba. Ngati twaini ndi wonenepa, kanayi kapena kasanu kakwana, chifukwa mukachulutsa mizere siikhala bwino. Bwererani nayo pansi, muilowetse pa kampata kamene katsala pamwamba penipeni pa kabowo ka mbedza. Mukatero pamapangika mpata wina waukulu m'mbali, ndipo nsongayo idutsenso pamenepo. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, n'chifukwa chake mfundo imathawa.

Musanakoke, nyowetsani mfundoyo ndi malovu. Si mwambo chabe: nayiloni wouma akamakhulana amatentha n'kufooka pomwepo. Kokani twaini wamkulu pang'onopang'ono, osati mokwatula, mpaka mizere ija itsike n'kundandana bwinobwino, wina pansi pa mnzake. Ikakwerana, dulani muyambirenso, musaumire twaini. Kansonga kotsalako musakadule mpaka pa mfundo, siyani mamilimita atatu. Pomaliza kolani mbedzayo pa nthambi, mukoke mwamphamvu. Bola imasukire pamtunda pomwepo kusiyana ndi m'madzi. Ndipo mukagwira milamba iwiri kapena itatu, papasani twaini pafupi ndi mbedza. Akamveka wokakala, mangani mwatsopano, popeza timano ta mlamba timamupala.

Kanati kaja mangani chikhatho chimodzi pamwamba pa mbedza. Kapatapata kabooleni pakati kuti kazitha kusuntha mukafuna kusintha kuya.

Nyambo yosakanika ndi nyongolotsi. Zikumbeni ponyowa, pansi pa nthochi kapena m'mbali mwa khola, muzisunge m'chitini chokhala ndi dothi lonyowa, pamthunzi. Pokoleka bisani mbedza koma musiye kamchira kazigwedezeka. Makumba ndi chilunguni amadyanso nsima yolimba yoikanda ndi madeya, komanso ngumbi nthawi ya mvula. Mlamba umatsata fungo ndi ndevu zake, choncho matumbo a nkhuku kapena usipa wogonetsa ndiye ndiwo zake. Nyambo ya mlamba igone pansi penipeni. Ya makumba ilendewere pang'ono pamwamba pa matope, pafupi ndi bango kapena udzu.

Pitani m'mamawa kapena dzuwa likupendeka. Mlamba umadya kwambiri chakumadzulo ndi usiku, makamaka madzi akada mvula itagwa. Khalani chete, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi. Kapatapata kakamangovinavina musakoke, nsomba ikungolawa. Dikirani kamire kapena kayambe kuyenda cham'mbali, ndiye tukulani ndodo ndi dzanja lokha, osati thupi lonse. Mlamba ukatuluka ugwireni kuseri kwa mutu, mosamala ndi minga ya zipsepse za m'mbali, imabaya ndipo bala lake limapweteka.

Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu. Musaime m'madzi, musakhale malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo matumbo a nsomba musatayire pamene mukuwedzerapo. Madzi oima a m'mabango ndi amenenso amapatsa likodzo.

Si nsomba iliyonse yopita nayo kunyumba. Chambo chosakwana masentimita 15 lamulo silikulola kuchigwira. Chambo ndi makumba aakazi amasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho mukaona kukhosi kwatupa, mwagwira mayi ndi ana ake omwe. Nyowetsani manja, chotsani mbedza msanga, mubwezere m'madzi. Ngati yameza mbedza mpaka mkati, dulani twaini m'malo moing'amba. Mu Novembala ndi Disembala nyanja ya Malawi imatsekedwa ku makoka kuti chambo chiswane, ndipo pa chilumba cha Mbenji ku Salima usodzi umaima nyengo ya mvula. Malamulo amasiyana malo ndi malo, ndiye mukafika padoko lachilendo yambani mwaonana ndi a komiti yoyang'anira usodzi padokopo (BVC) kapena a ofesi ya Fisheries. Katupe ndi masikito musayerekeze n'komwe, zimapha ndi tiana tomwe.

Twaini woduka mutole, amakola mbalame. Nsomba zanu tumbulani msanga, muthire mchere ngati ulendo ndi wautali.