Kuziziritsa shopu kapena ofesi ku Mzuzu osamaliza mayunitsi

Ku America makampani ambiri a magetsi amabwezera eni nyumba zamalonda gawo la ndalama akagula makina oziziritsira mpweya osadya magetsi kwambiri. Amatero chifukwa kuchepetsa magetsi amene anthu amakoka masana kukatentha n'kotchipa kusiyana ndi kumanga malo ena opangira magetsi. Kwa inu amene muli ndi shopu m'tauni, famase ku Katoto kapena ofesi ku Luwinga, ndalama yoti muziiwerengera ndi ya mayunitsi a ESCOM amene simugula, ndipo imeneyi imayamba kutsala m'thumba musanapite kukagula makinawo.

Mzuzu ili pamtunda, mamita oposa 1,200, ndipo nyengo yake si ya ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Kutentha kwenikweni kumabwera mu Okutobala ndi Novembala, pamene mu Juni ndi Julayi aliyense amakhala ali m'juzi. Choncho yambani mwayang'ana denga. Malata opanda siling'i amathira moto wonse m'chipinda. Ikani siling'i, pamwamba pake muyale fibreglass wochindikala mamilimita 50. Mawindo oyang'ana kumadzulo atchingireni dzuwa kunja, chifukwa katani ya mkati imagwira kutentha kutalowa kale. Fani ya kudenga imadya mawati 50 mpaka 75, pamene eyakoni (makina oziziritsira mpweya) yaing'ono imadya pafupifupi 1,000. Masitolo ambiri kuno fani yokha imawakwanira. Eyakoni isiyireni zipinda zoifunadi: cha makompyuta akuluakulu, chosungira mankhwala, kapena chamisonkhano chimene chimadzaza anthu.

Kukula kwa makina ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Wogulitsa amakonda kunena kuti tengani yaikulu kuti mupume. Werengani nokha. Pa chipinda chokhala ndi siling'i, yerekezani mawati 100 mpaka 120 pa sikweya mita iliyonse, muwonjezere mawati 100 pa munthu aliyense, kenaka mawati a zipangizo zonse zoyaka m'chipindamo, poti magetsi onse amene zimadya amasanduka kutentha. Ofesi ya masikweya mita 20 ipereka mawati 2,400, anthu asanu 500, makompyuta ndi pirinta mwina 500. Zonse pamodzi ndi 3,400, ndiye kuti makina a 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsa), amene amachotsa kutentha kwa makilowati 3.5, akwanira. Mukaikamo a 24,000 BTU, chipinda chizizira m'mphindi zochepa, makina azima, ayakanso, azimanso. Choipa chake n'chakuti sapeza nthawi yokwanira yoyamwa chinyezi, ndipo ku Mzuzu, kumene mvula imakhalitsa mpaka Epulo ndi Meyi, mafayilo ndi katundu zimayamba kuchita chuku m'chipinda chozizira bwinobwino.

Pa chikalata chomata pa makinawo yang'anani nambala ya EER. Imasonyeza makilowati a kutentha amene makina amachotsa pa kilowati imodzi ya magetsi. Makina a makilowati 3.5 okhala ndi EER ya 2.8 amakoka makilowati 1.25, pamene a EER ya 3.5 amakoka 1.0. Akamagwira mwamphamvu maola 8 pa tsiku kwa masiku 26, kusiyana kwake ndi mayunitsi 52 pa mwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti wa pa risiti lanu, ndipo mudziwa miyezi imene ndalama yowonjezera pa makina abwinowo ibwerere. Makina a inverter ndi oyenera nyengo yathu, chifukwa kompuresa yake, pampu yoyendetsa gasi woziziritsa, imachepetsa liwiro kutentha kukakhala kochepa m'malo mongozima ndi kuyaka. A kaunjika oyendera gasi wa R22 apeweni ngakhale atchipe bwanji: gasiyu akuthetsedwa pansi pa pangano la Montreal ndipo azinka nasowa. Sankhani a R32 kapena R410A.

Makina abwino amawonongekera m'manja mwa mmisiri wachangu. Khalani pomwepo pamene akumanga. Akalumikiza mapaipi a kopa ayeze ndi nayitirojeni ngati pali podontha, kenaka achotse mpweya ndi chinyezi ndi vacuum pump, pampu yoyamwa mpweya, mpaka geji yake ifike mamaikuroni 500. Ena amangotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweyawo, koma chinyezi chimatsalira, chimasakanikirana ndi oyilo, n'kudya kompuresa pang'onopang'ono. Mapaipi onse awiri akutidwe ndi zotchingira kutentha mpaka kumapeto. Paipi yotaya madzi itsetsereke pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse, apo ayi madzi adonthera pakhoma. Bokosi lakunja la eyakoni likhale pamthunzi, masentimita osachepera 30 kuchokera kukhoma, kutsogolo kwake kopanda chotchinga, chifukwa likamayamwanso mpweya wake wotentha limadya magetsi ochuluka kuti lichite ntchito yomweyo.

Za kuzimazima kwa magetsi tonse tikuzidziwa. Makina aliwonse akhale ndi buleka yakeyake komanso chotetezera volteji chimene chimadikira mphindi 3 mpaka 5 magetsi akabwera. Kompuresa yodzutsidwa gasi asanakhazikike imavutika kuzungulira, imatentha, mapeto ake imapsa. Ngati muli pa mita ya maximum demand, imene imalipiritsanso ma kVA (kuchuluka kwa magetsi amene mwakoka nthawi imodzi), musayatse makina onse nthawi imodzi m'nyumba yotentha. Yatsani awiriawiri. Pa jenereta chitaninso chimodzimodzi, poti kompuresa wamba imakoka mphamvu yochuluka kangapo pamene ikudzuka.

Rimoti ikani pa madigiri 24 kapena 25. Kuika pa 16 sikufulumizitsa kuzizira pa makina wamba, kumangoletsa kompuresa kupuma. Masefa atsukeni milungu iwiri iliyonse m'nyengo ya fumbi, ndipo bokosi lakunja litsukidwe mu Seputembala. Mafiriji a zakumwa amatulutsira kutentha kwawo m'shopu momwemo, choncho asiyireni mpata kumbuyo, mupukute fumbi pa zitsulo zake, ndi kusintha labala la chitseko likalekeza kugwira.

Kuti muone ngati zikuphula kanthu, lembani mayunitsi otsala pa mita m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi musanasinthe chilichonse, mubwerezenso kwa sabata ina ya nyengo yofanana ntchito itatha.