Mmene mungazindikirire uthenga wa chidani pa foni ndi kuuletsa kufala

Kawirikawiri uthenga wa chidani sufika pa foni yanu kuchokera kwa mlendo. Umadzera kwa amalume pa gulu la banja la WhatsApp, kapena kwa mnzanu wa kumpingo amene waulandira n'kuutumiza asanauganizire, ndipo poti munthuyo mumamukhulupirira, zimene watumizazo mumazikhulupiriranso. Amene amafesa chidani amadalira chikhulupiriro chimenechi kuposa china chilichonse.

Musanadine paliponse, yambani mwadzifunsa mmene uthengawo wakukhudzirani mumtima. Eni masamba a mchezo amapindula mukakhalitsapo, ndipo makompyuta awo amakankhira patsogolo nkhani zimene anthu ambiri akuyankhapo. Zimene zimayankhitsa anthu msanga ndi mkwiyo ndi mantha. Zikalata za kampani ya Facebook zimene Frances Haugen, amene kale ankagwira ntchito pakampaniyo, anaulula mu 2021 zinaonetsa kuti panali nthawi imene tizizindikiro ta nkhope, kuphatikizapo ka mkwiyo, tinkawerengedwa kasanu poyerekeza ndi kachala kosonyeza kukonda. Choncho mukaona kuti mtima wadumpha ndipo dzanja likuthamangira kutumiza, ikani foni pansi kaye, chifukwa mwina uthengawo unakonzedwa kuti uchite zomwezo.

Kenako muone mawu ake. Uthenga wa chidani umatenga cholakwa cha munthu mmodzi n'kuchisenzetsa mtundu wonse, chigawo chonse kapena chipembedzo chonse, ndipo ukakhwima umasiya kuwatchula anthuwo ngati anthu. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti "inyenzi", kutanthauza mphemvu, pakuti amene wavomereza kuti mnansi wake ndi mphemvu savutikanso mumtima pomupha. Ku Myanmar mawu a mtundu womwewu onyoza Asilamu a mtundu wa Rohingya anadzaza pa Facebook kwa zaka, ndipo asilikali atayamba kuwaukira mu 2017, anthu oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Mu 2018 kampaniyo inavomereza kuti sinachite zokwanira poletsa tsamba lake kukhala chida chosonkhezera ziwawa. Chimene chimandiopsa ine kwambiri n'chakuti mawu otere amayamba ngati nthabwala, ndipo amene wadandaula amauzidwa kuti sadziwa kucheza.

Zithunzi ndi makanema zimafuna kudekha kwapadera. Mu September 2019, pamene anthu ochokera kumayiko ena ankachitidwa chipongwe ku Johannesburg, nkhanzazo zinalidi zenizeni, koma pakati pa makanema oona panalowanso abodza. Imodzi inaonetsa nyumba yosanja ikuyaka, anthu akudumpha kuchokera pamwamba, ndipo inafala ngati ya ku South Africa pamene moto umenewo unachitika mumzinda wa Surat ku India. Munthu amene ali ndi mbale wake ku Joni akaona kanema wotere sagona, ndipo mantha akewo sachedwa kusanduka mtima wofuna kubwezera. Pofuna kutsimikiza, yang'anani zikwangwani za m'misewu ndi manambala a galimoto, ndipo mvetserani chiyankhulo cha anthu amene akumveka chapansipansi. Jambulani mbali imodzi ya kanemayo n'kuifufuza pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti, chifukwa nthawi zambiri mudzapeza kuti inaonekapo kale kwina zaka zapitazo. Mawu ojambulidwa ndi amene amavuta kwambiri, popeza alibe nkhope, tsiku kapena malo. Funsani amene wakutumizirani kuti akuyankhulayo ndani, ndipo akalephera kuyankha, uthengawo uthere pa inu. Amene amakumbukira mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 akudziwa kuti mawu opanda mwini anaphetsa anthu osalakwa.

Pa WhatsApp, uthenga umene wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake. Kampaniyi inachepetsanso malo amene mungatumizeko uthenga nthawi imodzi kufika pa asanu, anthu ataphedwa ku India mu 2018 chifukwa cha mabodza a oba ana.

Anthu ambiri a mtima wabwino amalakwitsa potumiza uthenga woipa ndi cholinga choudzudzula. Kompyuta siisiyanitsa wodzudzula ndi woyamikira, imangowerenga kuti nkhaniyo ikuyenda. Munthu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri mumzinda wa Christchurch ku New Zealand pa 15 March 2019 anaulutsa chiwembu chake pa Facebook chikuchitika, podziwa kuti ena adzamufalitsira, ndipo kampaniyo inati pa tsiku loyamba lokha inachotsa makanema 1.5 miliyoni. Mukakumana ndi zotere, dinani timadontho titatu ta pakona, musankhe "Report", kenako mufufute. Musadabwe zikachedwa kuchotsedwa, chifukwa zida zosefera mauthenga zimamva Chingerezi bwino kuposa Chichewa. Ngati uthengawo ukuopseza munthu wodziwika dzina kapena ukutchula malo ndi tsiku lochitira chiwembu, ujambuleni ndi kupita nawo kupolisi, pakuti ku Malawi lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsa kuopseza ndi kuzunza anthu kudzera pa makina amenewa.

Ngati ndinu woyang'anira gulu, lembani malamulo ake poyera, ndipo muwagwiritse ntchito mofanana ngakhale wolakwayo akhale wamkulu kwa inu. Fufutani uthengawo msanga, koma mwini wake mumuimbire payekha, chifukwa munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu amaumirira pa zimene wanena.

Njira yomweyi ndi imene imathandiza mwana kapena mng'ono wanu akayamba kukokedwa ndi magulu a maganizo onyanyira. Magulu amenewa amasaka achinyamata amene akusowa ntchito kapena anzawo, amayamba ndi kuwamvera madandaulo, kenako amawaitanira ku timagulu tobisika ta pa Telegram kapena WhatsApp kumene kulibe wowatsutsa. Mukamva mwana akubwereza mawu achilendo onyoza anthu ena, musamulande foni mwaukali, popeza akhoza kungothawira kwa omwewo amene akumumvetsera. Khalani naye pansi, mumufunse kumene anazimva ndi chimene chikumuwawa, ndipo mufufuze limodzi chithunzi chimodzi mwa zimene anatumiziridwa kuti adzionere yekha kumene chinachokera.