Mmene Mungafufuzire Kudontha kwa Oyilo pa Injini ya Dizilo Musanamasule Hedi

Oyilo akaonekera m'mbali mwa injini ya dizilo, pafupi ndi pamene hedi (chigawo chapamwamba cha injini) imakumana ndi buloko (thunthu la injini lokhala ndi masilinda), anthu ambiri amafulumira kugamula kuti gasiketi ya hedi, chomatira chopyapyala cha pakati pa ziwirizi, yapsa. Nthawi zina amakhala akunena zoona, koma kumasula hedi ndi ntchito yaikulu yodya nthawi ndi ndalama, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona injini yabwinobwino itaphwasulidwa pamene chimene chinatha ndi kalabala kakang'ono ka pamwamba. Gasiketi ya hedi iyenera kukhala yomaliza kuikayikira, zina zonse zitayesedwa.

Choyamba kumbukirani kuti oyilo amayenderera pansi, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo, kotero kuti pamene akudonthera sipamene akuchokera. Injini ikazizira, itsukeni ndi mankhwala ochotsera mafuta, osathira madzi pa zamagetsi, ndipo muisiye iume. Kenako ilizeni kwa mphindi 15 kapena 20, nkuunika ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika m'munsi mpaka mutapeza malo okwera kwambiri amene anyowa. Ngati kudonthako nkwapang'onopang'ono, wazani paudala woyera pamalo amene mukuwakayikira, chifukwa oyilo amajambulapo mzere wakuda wolozera kumene akutulukira. Palinso utoto wothira mu oyilo umene umawala ukaunikidwa ndi tochi ya UV.

Malo oyamba kuyang'ana ndi gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, imene imauma ndi kutentha nkumatsitsa oyilo m'mbali mwa hedi mpaka pamzere weniweni wa gasiketi ya hedi. Onaninso paipi yopititsa oyilo ku turbo, swichi ya pulesha ya oyilo, pokhala fyuluta, oil cooler (chozizitsira oyilo), silu ya camshaft (shafti yotsegula mavavu), ndiponso vacuum pump (pampu yothandiza mabuleki), imene pa injini zambiri za dizilo imamangidwa kumapeto kwa hedi. Mukapeza zinthu zakuda zolimba ngati phula mozungulira ma injector (zopoperera dizilo m'masilinda), pamodzi ndi fungo la utsi ndi kaphokoso kofwenthera, amenewo ndi mawashala akopa a pansi pa injector amene atha, osati gasiketi. Ndipo ngati oyilo akutulukira malo angapo nthawi imodzi, fufuzani paipi yopumira injini, pakuti ikatsekeka mpweya umadzaza mkati nkumakankha oyilo paliponse pamene pali pofooka.

Gasiketi ya hedi imalekanitsa zinthu zitatu, zomwe ndi moto wa m'masilinda, madzi ozizitsa injini, ndi oyilo. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kuwirikiza ka 16 mpaka ka 22, pamene ya petulo imangofika cha m'ma 10, choncho gasiketi ya dizilo ikaphulika kawirikawiri mpweya wa m'silinda ndi umene umalowerera m'madzi. Nchifukwa chake umboni weniweni umapezeka ku madzi kuposa ku oyilo. Madzi amatha popanda poonekera kudontha, injini imatentha makamaka pokwera mtunda kapena itanyamula katundu, hita imapepesa mphepo yozizira mwa apo ndi apo, ndipo madzi amatha kulavulidwa pa chitsekerero cha kathanki ka madzi a ladiyeta.

Pali kuyesa kumodzi kosafuna chida chilichonse kumene ndimakudalira kwambiri. M'mawa injini isanalizidwe, tsegulani chitsekerero cha madzi kuti mpweya wotsalira utuluke, mutsekenso, kenako lizani injini ndi kufinya paipi yapamwamba ya ladiyeta. Madzi ozizira sangalimbitse paipi, ndiye ikauma gwa m'mphindi imodzi kapena ziwiri zokha, dziwani kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Thovu lotumphuka mosalekeza m'kathanki, lomachuluka mukaponda mafuta, likunena zomwezo. Musayerekeze kutsegula chitsekererocho injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amatha kupitirira madigiri 100 ndipo amafwamphuka nkuwotcha nkhope ndi manja. Musagwirenso mapaipi a dizilo injini ikulira, pakuti pa injini zamakono za common rail pulesha yake imatha kupyola ma bar 1,500 ndipo dizilo wotuluka pakabowo amaboola khungu.

Zizindikiro zina zimasocheretsa. Phala loyera pansi pa chitsekerero cha oyilo limapangikanso pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, chifukwa injini sitentha mokwanira kuti chinyezi chiume. Chodetsa nkhawa ndi pamene oyilo wa pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) nayenso wasanduka ngati tiyi wamkaka. Oyilo woyandama m'madzi nthawi zambiri amachokera ku oil cooler yobooka, popeza m'menemo oyilo amakhala ndi pulesha yoposa ya madzi. Utsi woyera wonunkhira motsekemera pamodzi ndi kutha kwa madzi ungachokere ku EGR cooler (chozizitsira utsi wobwezeredwa mu injini) yong'aluka, pamene utsi woyera wonunkha dizilo ndi kuwawa m'maso umaloza ku ma injector kapena ma glow plug (mapulagi otenthetsa silinda poliza injini). Oyilo akamachuluka yekha pa dipstick nkumanunkha dizilo, ndiye kuti dizilo akutsikira mu sampu (mosungira oyilo pansi pa injini), ndipo galimoto yotero musaiyendetse.

Kukayikira kukapitirira, pitani ku zida. Pampu yoyesera madzi imamangidwa pamalo pa chitsekerero nkupopa mpaka muyezo wolembedwa pa chitsekererocho, umene nthawi zambiri umakhala pakati pa 0.9 ndi 1.5 bar, ndipo muvi ukamatsika kunja kuli kouma, madzi akulowa mkati mwa injini. Palinso madzi abuluu oyesera mpweya wotuluka m'kathanki, amene amasintha kukhala obiriwira kapena achikasu akakumana ndi utsi wa m'silinda. Pa dizilo samalani nawo, chifukwa injini ikamangolira chiimire utsi wake umakhala wosungunuka mu mpweya wambiri, moti madziwo angakhale osasintha mtundu gasiketi ili yowonongeka. Tsegulani chitsekerero injini ikadali yozizira, kenako yesani itatentha bwino ndipo wina akuponda mafuta. Compression, kutanthauza mphamvu yopanikizira mpweya m'silinda, imayesedwa kudzera m'mabowo a ma glow plug kapena a ma injector ndi geji ya dizilo, osati ya petulo. Injini zambiri zathanzi zimaonetsa ma bar 20 mpaka 30 kapena kuposerapo, koma chofunika kwambiri nkufananiza masilinda, ndipo awiri oyandikana akatsika limodzi ndiye kuti gasiketi yaduka pakati pawo.

Ngati m'mawa sitata ikuyamba kuzungulitsa injini kenako nkuima mwadzidzidzi, musaikakamize. Madzi sapanikizika, ndipo pisitoni ikawagunda m'silinda con rod (mkono wachitsulo wogwira pisitoni) imapindika. Chotsani ma glow plug onse, tsekani dizilo kuti asafike m'masilinda, zungulitsani injini, ndipo bowo limene lilavule madzi likuuzani silinda yovuta.

Umboni ukakwana ndipo hedi yatsitsidwa, musangosintha gasiketi. Hedi iyesedwe ndi lula yachitsulo yowongoka ndi feeler gauge (timapepala tachitsulo toyezera mpata) ngati sinapindike kupyola malire a wopanga injiniyo, amene kawirikawiri amakhala pafupifupi 0.05 mpaka 0.1 mm, ndipo ipimidwenso ngati ilibe mng'alu, chifukwa hedi yong'aluka imaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za gasiketi. Fufuzaninso chimene chinatenthetsa injini, kaya ndi thermostat (vavu yolola madzi kupita ku ladiyeta injini ikatentha), pampu ya madzi, fani kapena ladiyeta yotsekeka, apo ayi gasiketi yatsopanoyo idzapsanso. Magasiketi a dizilo ambiri amabwera okhuthala mosiyanasiyana molingana ndi mmene mapisitoni amatulukira pamwamba pa buloko, ndipo amadziwika ndi timabowo kapena timipata ta m'mphepete, choncho werengani ta pa yakaleyo ndi kuyeza mapisitoni musanagule ina. Mabawuti a hedi a mtundu wotanuka sabwezeredwa, amafunika atsopano, omangidwa ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti) kuyambira pakati kupita kunja, motsata ndondomeko ndi miyezo ya m'buku la injiniyo.