Ngati mukugwira ntchito ndi mwana wachitchaina kuno ku Joni

Abale amene muli ku Johannesburg, mukaona mnyamata wachitchaina wangobwera kumene ali phee pashopu osayankhula, musafulumire kunena kuti ndi wonyada, ambiri chizungu chimawavuta ndipo akusowa kwawo ngati mmene ifeyo tinkasowera titangofika.

Mnyamata amene timagwira naye ntchito ife tinayamba ndi kumuitana kudzadya nsima Lamulungu, anavutika kutema mbamu koma anamaliza mbale yonse, mayi a kunyumba n'kumuwonjezera nkhwani wotendera. Pano amawatcha ayi, ndiye kuti azakhali pachitchaina, ine amanditcha shushu, amalume, chifukwa kwawonso munthu wamkulu samutchula dzina.

Nthawi yowawa kwambiri ndi chaka chawo chatsopano, chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, banja lonse limadyera limodzi kwawo iye ali yekha akungoyang'ana WeChat, pulogalamu ya pafoni yochezera ngati WhatsApp. Tsiku limenelo mutengeni mupite naye ku Cyrildene, dera la Matchaina ambiri kuno ku Joni, mumsewu wa Derrick Avenue, akadye zakwawo ndi kumva chinenero chake.

Mphatso musamupatse wotchi yapakhoma chonde, kwawo imakumbutsa maliro. Ndalama pang'ono mu envulopu yofiira ndiye amasangalala kwambiri.