Ulendo wa ski ku Afriski sizoni ikungoyamba, mmene mungaukonzere mtima osagwa

Anzanga amene muli ku Joni ndipo mwakhala mukulakalaka kuponda sinowo ndi phazi lanu, malo ake ndi Afriski, mmapiri a Maluti ku Lesotho, kumene anthu amasewera ski, kutereleka pa sinowo atavala timatabwa titalititali kumapazi. Sizoni imayamba mu June nkutha chakumapeto kwa August. Ambiri amafuna kupita June akangolowa masukulu asanatseke, chifukwa anthu amakhala ochepa, pa lifiti (makina okukwezani pamwamba pa msetse) simuima nthawi yaitali komanso malo ogona sanadzadze. Maganizo abwino ndithu, koma koyambirirako nkomwenso zinthu zimakonda kusintha mwadzidzidzi, nde muyenera kukonza ulendo woti utha kusuntha osafa.

Mvetsani kaye ichi, sinowo wambiri amene mukaterereke naye sagwa kumwamba ayi. Ku Lesotho mvula imagwa nthawi yotentha ngati kwathu, June amakhala wouma, sinowo wachilengedwe amabwera mwa apo ndi apo basi. Nde amachita kupanga ndi makina, mapampu amakoka madzi nkuwapopera mmwamba timadontho ting'onoting'ono timene timauma tisanafike pansi. Kuti zimenezi zitheke kunja kuzizire mpaka cha mma madigiri -2 kapena kutsika kuposa apo, ndipo nthawi zambiri zimatheka usiku. Usiku ukangofunda masiku angapo motsatizana makina aja amangokhala, ndipo kusabata yoyamba mutha kupeza atsegula kamtsetse ka ophunzira kokha, msetse waukulu uja wa pafupifupi kilomita imodzi usanakutidwe wonse. Choncho mukamayang'ana zanyengo pa foni musamafufuze ngati kugwa sinowo, yang'anani kazizilidwe ka usiku sabata yonse musananyamuke. Ndipo imbani kapena lembani pa Facebook pawo nkufunsa mwachindunji kuti lero mwatsegula pati, lifiti ikuyenda? Zithunzi zokongola zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp zambiri zimakhala za zaka zammbuyo, mu July.

Pa gulu lanu gwirizanani masiku awiri, lenileni ndi lina lapambali, onse awiri muwauze abwana kuntchito nthawi ilipo. Apa mpamene maulendo ambiri amafera, munthu wasonkha ndalama kuyambira mu March, wagula jekete, wauza ndi abale akumudzi omwe kuti akaona zithunzi, kenako Lachinayi akumva kuti kwafunda sanatsegule, basi mtima wagwa akuti ndibwezereni zanga, wachiwiri naye chimodzimodzi, galimoto yasowa oikamo mafuta. Koma ngati tsiku lachiwiri linalipo kale palibe chimene chalephereka, mwangosuntha. Musanalipire malo ogona funsani ngati amalola kusintha deti, ndipo yankholo alembe, lisakhale lapakamwa. Ndalama za gulu asunge munthu mmodzi wodalirika ndipo lamulo la kubweza mupangane poyamba pomwe aliyense akadali wosangalala.

Za mapepala ndikufuna ndinene mosabisa chifukwa ndi nkhani yomwe ingakuonongereni moyo osati ulendo wokha. Lesotho ndi dziko lina, mukutuluka mu South Africa ndipo mudzafunika kulowanso. Pasipoti ikhale yamoyo, permit ikhale yamoyo. Amene masiku ake anapitirira akafika pa boda amatha kuletsedwa kubwereranso, ndipo amene ali ndi pepala la asylum asayerekeze kutuluka asanafunse odziwa malamulo. Mnzanu akanena kuti sapita musamukakamize kapena kumufunsa zambiri pagulu, mwina chifukwa chake nchimenechi. Ana tengerani satifiketi yobadwira, ndi kalata ya kholo linalo ngati latsala. Galimoto nayo ikhale ndi mapepala ake, ikakhala ya ngongole kapena yobwereka pakhale kalata yoilola kutuluka.

Njira yodziwika kuchokera ku Johannesburg ndi N3, kenako Bethlehem, Fouriesburg, nkudutsa boda ya Caledonspoort kulowa Butha-Buthe. Werengerani maola 5 kapena kuposa. Thirani mafuta ku Fouriesburg kapena ku Butha-Buthe osadalira za kutsogolo, tenganinso ndalama zapamanja zolipira galimoto pa boda, rand imayenda bwinobwino ku Lesotho mofanana ndi loti yawo. Kuchoka apo msewu wa A1 umakwera Moteng Pass, ndipo pa mapu pamaoneka pafupi koma makona ake ndi akuthwa, mtunda wake woima, mumakumananso ndi mathiraki ndi ziweto. Choopsa kwambiri ndi madzi ouma pa tara mmalo amthunzi, amene maso saona, makamaka mmamawa ndi madzulo. Mu radiator mukhale antifreeze osati madzi okha. Ine ndimalangiza kugona ku Fouriesburg kapena ku Clarens usiku wake nkukwera phiri dzuwa litatuluka, zoti munyamuke Joni 2 koloko usiku, musewere tsiku lonse nkubwerera tsiku lomwelo dalaivala yemweyo, zimenezo ayi.

Afriski ali pamtunda wopitirira mamita 3,000, ndiye kuti mukangotsika galimoto muli kale pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje imene ili pa 3,002. Mpweya ndi wochepa, mutha kumva mutu, befu, ena nseru. Yendani pang'onopang'ono ola loyamba, imwani madzi ambiri, mowa udikire. Mutu ukamakulirakulira osasiya, munthuyo atsitsidwe kumunsi, osalimba mtima. Dzuwa lakenso limaotcha ngakhale kukuzizira chifukwa limanyezimira pa sinowo, nde magalasi ndi mafuta oteteza khungu tengani, ife akhungu lakuda tomwe milomo imang'aluka. Zovala valani zosanjikiza, chamkati chosasunga thukuta, juzi, kenako jekete ndi thalauza zosalowa madzi. Jini ikanyowa tsiku latha. Magolovesi osalowa madzi ndi ofunika kuposa jekete yodula, sokosi peyala imodzi yaitali yakwana, mukavala ziwiri jombo imathina mapazi amazizira kwambiri. Ma ski, jombo ndi ndodo mumabwereka konko, chisoti nacho musachisiye.

Ngati nkoyamba lipirani phunziro, ngakhale limodzi. Mphunzitsi akuonetsani kuima posongoza nsonga za ma ski mkati, kukhota, ndi kudzuka mukagwa, ndipo kugwa mugwa ndithu, aliyense amagwa. Ola loyamba ndi limene limagwetsa ulesi, jombo zolemera, miyendo ikunjenjemera, tiana tikukudutsani liwiro, apa ambiri amavula nkukakhala mu lesitilanti. Pumani mphindi zochepa, idyani kanthu kotentha, bwererani, chifukwa nthawi zambiri thupi limayamba kumva pambuyo pa kupuma koyambako. Ndipo apa mpamene kupita koyambirira kumakomera, wophunzira safuna msetse waukulu, kamtsetse kaja kopanda chigulu cha anthu nkokwanira tsiku lonse. Amene akhumudwe ndi odziwa kale, iwowo ndi amene ayenera kudikira July.

Zikakanika muli kale panjira, mwina sinowo wagwa wambiri msewu watsekedwa kapena mphepo yaimitsa lifiti, musakakamire kukwera. Clarens ndi Golden Gate Highlands National Park zili pafupi, ana ayenda, aona mapiri, inu muimbe foni kusuntha buking'i kupita pa deti lachiwiri lija. Tsiku limene mwasewera yambani kutsika cha mma 3 koloko, mu June mdima umagwa msanga 5 ikangopitirira, ndipo Moteng mumafuna mumutsike kukuoneka, pa giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe. Nthawi yotsekera boda ifunseni mmawa polowa chifukwa Caledonspoort sakhala yotsegula usiku wonse.