Udzu ukufota m'munda wonyowa: yang'anani mchere wa m'madzi

Inu alimi amthirira amene mumalima udzu womweta n'kuumitsa kuti ziweto zidzadye, vuto la mchere silibwera ndi phokoso. Chaka choyamba mitolo imachuluka bwinobwino. Pofika chachitatu udzu wafupika, nsonga za masamba zapsa, m'munda muli zigambazigamba zosamera ngati mutu wa chipere. Ambiri apa amathamangira feteleza. Musanatero, suzumirani pamwamba pa mizere pamene dothi lauma. Mukaona tinthu toyera tokhala ngati phulusa, ndi mchere umenewo.

Madzi othirira alionse ali ndi mchere wosungunuka, ngakhale lilime lisaumve. Udzu umamwa madzi, dzuwa limaumitsa otsalawo, koma mchere umatsala pomwepo pamene pali mizu. Ukachuluka umakanirira madzi m'dothi, mizu n'kumalephera kuyamwa. N'chifukwa chake udzu umafota ngati wasowa madzi, chonsecho dothi mukaligwira ndi lonyowa. Kuwonjezera feteleza pamenepo n'kukulitsa vuto, pakuti nayenso ndi mtundu wa mchere.

Yezetsani madzi anu ndi kachipangizo koyezera EC, muyeso wosonyeza kuchuluka kwa mchere m'madzi, kamene kamawerenga mu dS/m (nambala ikakula, mchere ndi wambiri). Malangizo a bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO amati madzi osafika 0.7 alibe vuto, kuyambira 0.7 mpaka 3 n'ngofunika kusamala, ndipo opitirira 3 ndi oopsa. Manambalawa amaoneka ochepa, koma taŵerengani nane. Madzi a 1 dS/m ali ndi mamiligalamu pafupifupi 640 a mchere pa lita imodzi. Kuthirira hekitala imodzi mamilimita 100 kumafuna malita 1 miliyoni. Ndiye kuti mwathira makilogalamu 640 a mchere m'mundamo osadziwa.

Mitundu ya udzu imapirira mosiyana. Kapinga ndi wolimba mtima: zokolola zake zimayamba kutsika mchere wa m'dothi ukapitirira 6.9, ndipo kuchokera apo zimatsika pafupifupi 6 peresenti pa 1 dS/m iliyonse yowonjezereka. Udzu wa Rhodes umapirirako ndithu. Wa Sudan umayamba kubwerera m'mbuyo pa 2.8, alfalfa (chomera cha m'gulu la nyemba chodyetsa ziweto) pa 2 pokha. Dziwani kuti awa ndi manambala a dothi, osati a madzi, ndipo dothi limakhala ndi mchere wambiri kuposa madzi othiriridwapo. Ngakhale udzu wopirirawo ndi wofooka pomera, choncho madzi abwino amene muli nawo muwasungire nthawi yodzala.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mlimi akamva kuti madzi ake ali ndi mchere, amayamba kuthirira madzi ochepa, akuti achepetse mcherewo. Ayi ndithu. Madzi onyowetsa pamwamba pokha ndiwo amaunjika mchere pa mizu. Nthawi ndi nthawi thirirani madzi opitirira amene udzu ukufuna, kuti otsalawo atsike nawo mchere pansi kupyola mizu. Koma izi zimatheka pokhapokha madziwo ali ndi kopita. Ngati munda umadikha, yambani mwakumba ngalande, apo ayi madzi apansi adzakwera n'kubweza mchere uja pamwamba.

Amene mumathirira ndi mipope yowaza, pewani masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa madontho amaumira pamasamba n'kuwawaula. Thirirani madzulo kapena usiku.

Za gypsum, ufa wa mwala wothira m'dothi, ndinenepo pang'ono, poti ena amamuyesa mankhwala ochotsa mchere. Ntchito yake ndi kumasula dothi limene lagwirana chifukwa cha mchere wa sodium wambiri, lija madzi amangoimapo osalowa. Akatero, wotsuka mchere amakhalabe madzi, ndiye musamugule musanayezetse dothi.